Beseni Lopanda Kanthu

Mwera ukayamba kuwomba, ine chimene chimandibwerera ndi fungo la chithaphwi cha kuseri kwa mabango, kumene amayi a m'mudzi mwathu ankaviikako chinangwa. Ndi fungo lowawasa ngati mowa wogonera, loti mlendo akalimva amagwira mphuno, koma kwa ife linali fungo la chakudya. Tinakulira kondowole, ndipo chinangwa chake chinali gomani, chowawa chija chimene sungachidye osachiviika mpaka chitafewa n'kusiya ululu wake m'madzi. Ukachivuula msanga, ufa wake umaledzeretsa. Munthu amachita chizungulire, amasanza, ndipo mwana wamng'ono amatha kungolefukira m'manja. Zimenezi panalibe amene sankazidziwa.

Chaka chimenecho ndinali kamtsikana kongosinkhuka kumene, pamsinkhu uja akuluakulu amayamba kukuyang'ana kayendedwe, kasenzedwe ka ndowa, ngakhale kakhalidwe ka pansi. Ine ndinkawaopa maso amenewo kuposa ng'ona. Wina akangoseka ndikudutsa, ndinkati akuseka ine, ndipo ndinkatha tsiku lonse ndikufufuza chimene ndalakwa. Amayi, amene anali oyembekezera, anali ku chipatala ku Boma kudikirira kuchira, bambo anali kodula nzimbe ku Dwangwa, choncho pakhomo panabwera azakhali anga ochokera kumapiri a Ntchisi kudzatisunga ine ndi mlongo wanga Yohane, amene anali asanayambe n'sukulu yomwe. Azakhali anali munthu wa mtima wabwino koma pakamwa pawo panali lumo, ndipo za chinangwa ankangozimvera kwa anthu, poti kwawo n'kwa chimanga.

Mwera unali utavuta masiku amenewo. Mabwato anali chigonere pamchenga, amuna akungosoka maukonde pansi pa mitengo ya mango, usipa osaoneka. Ufa m'nyumba unatha, ndipo maso athu onse anali pa chinangwa chimene ndinaviika tsiku limodzi ndi atsikana anzanga. Masiku ake ozolowereka atakwana, tinanyamula mabeseni m'mawa, tikuthamangitsana ndi kuponyerana nthabwala m'njira, patsogolo pali Mwanaisha, wamkulu mwa ife, amene akati tiyeni uku tonse tinkangotsatira.

Madzi anali ozizira mpaka kuluma m'mafupa. Ndinachotsa miyala imene ndinatsinderapo, n'kutola muzu umodzi. Amayi anandiphunzitsa kuti chinangwa sachiwerengera masiku, amachifunsa ndi dzanja. Chakupsa ukachifinya chimaphwanyika ngati nthochi, ndipo mtsitsi wa pakati umasololoka wokha. Changa chinafewa kunja kokha, m'kati muli gwa. Ndinatola china, chimodzimodzi. Ndinanyambita pang'ono, lilime linachita dzanzi. Pamenepo ndinazindikira kuti madzi a mwera achedwetsa zinthu, ndiponso mizu yanga inali ikuluikulu ya m'munda wakale. Anzanga anali atadzaza kale mabeseni awo. Mwanaisha anafinya muzu wanga kunsonga n'kunena kuti, "Iwe, chapsa ichi. Zotsalazo dzuwa lidzamaliza pathandala."

Ndinaima m'madzimo, muzu uja uli m'manja. Ndinkadziwa kuti njira yobwerera imadutsa pamjigo, pamene nthawi imeneyo pamakhala amayi a mudzi wonse. Ndinkadziwa chimene adzanene akaona mwana wamkazi akuchokera kumadzi beseni lili m'khwapa. Koma ndinkadziwanso kuti mbamu yoyamba ya ufa umenewo adzadya ndi Yohane, wanjala kuposa tonse, kamwana koonda kamene malungo anali atangokasiya kumene. Ndinabwezera miyala ija pamalo pake n'kutuluka m'madzi.

Kuseka kunayambira pomwepo. Anzanga aja anandipatsa dzina loti adokotala a chinangwa, ndipo linafika pamjigo ine ndisanafike. Mayi wina anafunsa mokweza ngati ng'ona yandilanda, wina n'kuti ana a masiku ano amayi awo akangochoka manja amalemera. Ndinamva manyazi otentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, ndipo misozi inali pafupi. Koma ndili pakati pawo ndinaona chinthu chimene chinandidabwitsa: mawu awo ankandipweteka ndithu, koma sankafewetsa chinangwa chija. Chinali chikhalire cholimba kuseri kwa mabango, kaya aseke kaya aleke. Ndinawapatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse n'kupitirira.

Kunyumba azakhali sanandisiyire mpata. Anati zengerezu adalinda kwawukwawu, anati ndawachititsa manyazi pamudzi pa eni, anthu aziti mlendo akugoneka ana ndi njala. Ndinagwada n'kuwayankha kamodzi kokha kuti, "Azakhali, sichinapse. Yohane angadwale nacho." Tsiku limenelo ndi lotsatira lake tinadya mbatata zowiritsa zokhazokha, Yohane akulirira kondowole, azakhali akundilozera kuti ndimve bwino kulirako. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ine ndinali woyamba kubadwa. M'mawa uliwonse ndinkapita ndekha kukafinya, mpaka tsiku limene muzu unaphwanyikira m'dzanja langa. Ndinachivuula, kuchitsuka, kuchisinja n'kuchiyanika, chikuyera mbee pathandala.

Sindinganame kuti kwa a Mwanaisha kunadwala munthu. Sikunadwale aliyense, ndipo ndimathokoza. Mwina mizu yawo inali ing'onoing'ono, mwina dzuwa linawathandizadi. Choncho panalibe tsiku limene mudzi unabwera kudzati unkanena zoona, ndipo dzina la udokotala lija ndinakula nalo mpaka kukwatiwa. Amayi atabwera ndi khanda, azakhali anawafotokozera mlandu wonse, mwano wanga ndi ulesi wanga, ine nditakhala pakhonde mtima uli m'mwamba. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandiitana n'kufunsa kuti, "Unachifinya wekha?" Ndinati eya. Iwo anati, "Basi," n'kundipatsa mwana kuti ndimunyamule.

Lero ambiri akuviika m'migolo ya pulasitiki kuseri kwa nyumba, ufa akukagayitsa kuchigayo, ndipo atsikana sayendanso gulu kupita kumabango. Koma pakamwa pa anthu sipanasinthe, ndipo ndapezana napo kambirimbiri: posankha mwamuna, pokana kuchotsa mwana wanga wamkazi sukulu, ngakhale m'misonkhano ya amayi kutchalitchi. Malangizo ndimamvera, ndipo kulakwa ndimalakwa monga munthu aliyense. Mantha nawo sanathe, wina akandiseka m'makutu mumatenthabe. Chimene ndinasiya ndi kulola manthawo kundisankhira zochita. Ndimayamba ndagwira chinthucho ndi dzanja langa, n'kudzifunsa kuti ndikalakwitsa adzavutike ndani. Kawirikawiri amene adzavutike si amene akuseka aja. Yohane lero ndi bambo wa ana ake, ndipo amandinenabe kuti ndinamugoneka ndi mbatata amayi kulibe. Ndimamusiya anene, poti ali moyo woti n'kunenera.