Mawu a Pansi

Ine ndinabadwa ndi mawu aakulu. Sindikunena zokuwa ayi, ndikunena mawu a pansi, okhuthala, oti ndikaodira pakhomo eni nyumba amayankha ali m'kati kuti, "Fikani bambo." Ndili mtsikana ndinkaseka nawo. Nditakula kusekako kunatha.

Nditakwatiwa ku Wimbe ndinalowa kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, chifukwa kuimba ndimakukonda kuposa kudya. Tsiku loyamba lomwelo, amayi otsogolera kwayayo, aatali, a mawu osongoka ngati singano, anaimitsa nyimbo pakati. Anakasuzumira pazenera kufuna mwamuna amene ankatisokoneza. Atazindikira kuti ndine, anandikokera pambali.

"Mayi, musakwiye," anatero. "Yunifolomu muzivala, kuvina muzivina, koma pakamwapa muzingoyendetsa milomo."

Nanga mtengwa wadzulodzulo akanatani? Ndinavomera. Zaka ndithu ndinaima pamzere wakumbuyo ndikuyendetsa milomo ngati nsomba. Zinkandiwawa, ndisaname. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi, kuti tsiku lina ndidzaimbe m'tchalitchimo mawu anga akumveka.

Chaka china, nyengo yosankha fodya, mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anabwera kuchokera ku Chamama ndi foni. Mnyamata wa pashopu anali atamuikiramo nyimbo zosakanizasakaniza. Tinali m'chigafa, ine, iyeyo ndi apongozi anga aakazi, tikupatula masamba, ofiira uku, otuwa uku, ong'ambika pawokha. Ntchito imeneyi imatopetsa maso ndi msana, ndipo fumbi lake limakanda kummero. Mlamu anapachika foni pamkangala, nyimbo zikungosinthana. Kenaka inabwera ina yoyenda pang'onopang'ono, ya mawu ozama, okhala ngati akuchokera m'mimba.

"Koma bambo ameneyu akudandaula bwino," anatero apongozi.

Mlamu anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi, ameneyu ndi mzimayi!"

"Usandipusitse iwe. Mzimayi wa kuti?"

Mkangano unakula, fodya tinayamba tamusiya. Mlamu anatsitsa foni n'kutsegula kanema wake. Tinaunjikana mitu itatu pa kagalasi kakang'onoko. Ha! Mzimayi ndithu, wathupi ngati ine ndemwe, atavala diresi lalitali, ataima pamaso pa chikhamu cha anthu. Akatsegula pakamwa anthuwo ankaimirira, ena akupukuta misozi.

Mlamu ndiye anali wodziwa zonse. Anati mayiyo ndi wa ku Filipinzi, dziko la zilumba kutali kwambiri. Anati anayamba ali mtsikana, kuima kumbuyo kwa oimba ena n'kumangovomera nyimbo zawo. Kenaka anapita kunja kukayesa mwayi, ndipo atabwerera kwawo ndi pamene anthu anamulandira ndi manja awiri chifukwa cha mawu omwewo. Mlamu wanga amakonda kukometsera nkhani, ndiye sindingalumbire kuti zonse zinali choncho. Koma za kuima kumbuyozo ndinazikhulupirira nthawi yomweyo.

Ndinapempha kuti aibwereze. Anaibwereza kanayi. Mawu a nyimboyo sindinkawamva, mwina chinali Chingerezi mwina chakwawo, koma ndinaona chinthu chimodzi. Mayiyu sankalimbana n'kukwera kumene mawu ake safika. Ankakhazikika pansi pomwepo, osachita manyazi, ndipo oimba ena ndi amene ankamutsatira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuimba ndekha kudimba, nyimbo zathu zomwe za kutchalitchi, koma pa mawu anga enieni. Mlamu akandipeza ankati, "Alamu, chepetsani, mbuzi zathawa!" Ine ndinkamuponyera chibuluma n'kupitiriza.

Linafika tsiku la masika, pamene aliyense amabweretsa kutchalitchi gawo la zokolola zake. Kwathu amayi a kwaya amalowa pamzere kuchokera panja, atasenza madengu a chimanga, mtedza ndi maungu, akuimba mpaka kukatula kutsogolo. Nyimbo ikathera panjira ndi manyazi a chaka chonse, amidzi ina amaseka mpaka dzinja. Tsono amayi athu ali ndi chizolowezi: alendo akachuluka, nyimbo amaiyambira pamwamba kwambiri kuti anthu adziwe kuti kuno kuli oimba. Tsiku limenelo alendo anali atadzaza mpaka m'mazenera.

Otsogolera aja anaiyamba kumwamba kwenikweni. Anaiwala kuti tonsefe tinali titatha milungu tikumeza fumbi la fodya. Ndime yoyamba tinadutsa. Pofika yachiwiri, tili pakatikati pa tchalitchi, mawu awo anang'ambika. Wotsatira anayesa kuigwira, nayenso anangotulutsa kamphepo. Wina anatsokomola. Kunangotsala phokoso la mapazi ndi la mtedza m'madengu.

Sindinaganize. Ndikanaganiza ndikanaopa. Ndinangotsegula pakamwa, dengu la maungu lili pamutu, n'kuitola nyimboyo pansi pomwe ine ndimakhala. Mawu anatuluka onse, a zaka zonsezo, mpaka ndinamva malata akunjenjemera, kaya ndi mutu wangawu. Mbali ya abambo mitu inatembenuka, aliyense akuyang'ana mnzake. Amayi a patsogolo panga anazengereza pang'ono, kenaka anavomera, poti pamenepo aliyense ankafikapo bwinobwino. Abambo nawo analowa. Apongozi anga anaimirira n'kululutira, chitenje chikumasuka iwo osasamala. Nyimbo inafika kutsogolo yathunthu, ndipo titatula madengu palibe amene ankafuna kuisiya. Tinaibwereza kawiri. Chimwemwe chimene ndinali nacho sindinachimvepo ngakhale pa ukwati wanga.

Titatuluka, ndinaona otsogolera aja akubwera molunjika kwa ine, nkhope ili gwa, ndipo ndinati lero yunifolomu ndivula. Anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mawu anali atawathera, moti anachita kunong'ona.

"Mayi, ndinakulakwirani. Lachinayi mudzabwere msanga kukwaya, muzidzaima kutsogolo. Nyimbo muziyamba ndinu."

Ndinangogwada pafumbipo n'kulira mokweza, ndipo iwo anandisiya ndilire mpaka nditamaliza, dzanja lawo lili paphewa panga.