Foni ya a Maloko

A Maloko ndi munthu woti ukawapatsa moni amayamba ayang'ana m'manja mwako. Amadula makiyi m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wosoka nsapato, ndipo ine ndimati ntchitoyo ndi imene inawaononga mtima. Munthu woona tsiku ndi tsiku kiyi akubereka mnzake angakhulupirire chitseko chiti? Kwawo ngakhale kabati ya shuga ili ndi loko, kaya nyerere zake n'zamanja.

Amene ankawaseka pamaso ndi akazi awo okha. Mayiwo atamwalira, chinatsala ndi mawu awo m'foni, timauthenga tija ankajambula: "Bambo, pobwera mugule sopo, koma wogulitsayo musakamupanikize ndi mafunso ngati wapolisi." Masana aliwonse a Maloko ankakhoma chitseko, n'kuika foni kukhutu. Ankawasowa kwambiri akazi awo, kungoti pakamwa sipankanena.

Mwana wawo wamkazi, wogwira ntchito ya makompyuta, ndi amene anaikonza foniyo. "Ababa, zonse zili umu ndazimanga. Wopanda nambala yanu yachinsinsi sangawerenge kapena kumva kanthu. Ikabedwa, tikhoza kuitseka kapena kufufuta zonse tili kutali." Apo bambowo anamwetulira. Koma mwanayo atati asungenso mawuwo pa intaneti, nkhope yawo inasintha.

"Makiyi akakhala awiri, nyumbayo si yakonso," anatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina anaona mlamu wawo, mchimwene wa malemu, akuoloka msewu kulunjika kwa iwo. Manja a a Maloko ali ndi chizolowezi chawo, mlendo akamabwera amayamba okha kubisa zinthu mwiniwake maso ali pamsewu. Mlamuyo anakhala pampando, nacheza za mvula, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Alamu, tagawireniko mawu a mlongo wanga aja, nafenso tizimumvako."

"Alamu, foni yanga si wailesi."

Mlamuyo anatsanzika mwaulemu. Masana atakwana, a Maloko anapisa m'thumba, mulibe. Patebulo palibe. Sanafunenso kwina, wakuba anali atamudziwa kale. Anakhoma chitseko, ulendo ku ofesi ya mwana wawo, thukuta lili kamukamu.

Mwanayo anafufuza pa kompyuta. "Sikuoneka pa netiweki, ababa."

"Waona? Amalume ako aizimitsa! Munthu wabwino amazimitsa foni ya eni?"

"Tiyeni tiwaimbire kaye."

"Kuti atiseke? Fufuta."

"Tingoitseka basi. Muli mawu a amayi mmenemo, ndipo kwina kulibe."

"Iwe, ine ndakalamba ndikutsegula maloko amene eni ake ankati satseguka. Mkazi wanga asakalankhule m'nyumba ya mbala."

Mwanayo anachotsa manja pa kompyuta, misozi ili lengelenge. A Maloko anadina okha, ndi chala chawo chakuda ndi fumbi la makiyi. Mwanayo anawauza kuti lamulolo lidikira, foniyo ikangogwira netiweki zonse zipita. Iwo anangoti, "Zipite."

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wofuna kiyi wa geti. Makiyi osadula a mtundu umenewo amakhala m'bokosi lachitsulo chokhuthala pansi pa tebulo. A Maloko anagwada, natsegula loko woyamba, wachiwiri, n'kukweza chivundikiro.

Foni ili phee pamwamba pa makiyi, pomwe manja awo anaiponya n'kukhoma dzulo poona mlamu. M'chitsulo chotero netiweki silowa.

Anaseka, kuseka kwenikweni kumene wometa anali asanakumvepo. Anaitola, naipukuta pamalaya. Galasi linayaka, timizere ta netiweki n'kuyamba kukwera pakona. Apo m'pamene anakumbukira mawu a mwana wawo. Chala chinathamangira kozimitsira, koma foni inanjenjemera kamodzi n'kuda bii. Itayakanso inawapatsa moni ngati alendo, n'kuwafunsa chilankhulo chimene akufuna.

Anaiikabe kukhutu, ali chigwadire.

Mayi uja anatsokomola. "Bambo, mwadwala? Ndimati mundidulire awiri, winayo ndikasungitse kwa alamu anga."

A Maloko anadzuka, nayatsa makina. Anadula awiri, osafunsa funso ngakhale limodzi.