Boti la Agogo Analibzala Maluwa

Ndikamaganizira agogo anga aamuna, a Makwinja, mphuno zanga zimadzaza fungo la vanishi losakanikirana ndi utsi wa ku fakitale ya tiyi, ndipo ndimawaona atagwada m'mbali mwa damu la pa esiteti, chiperoni chikuwanyowetsa msana, akupala boti la thanga mosamala ngati akusambitsa khanda.

Ali mnyamata, bwana wina wachizungu ankawatenga ku mipikisano ya maboti kunyanja, iwo ndi amene ankagwira zingwe ndi kuwerenga mphepo. Ankapambana ndithu, koma zikho zinkakakhala pa shelefu ya bwana. Kenako agogo anakhala mphunzitsi pa kalabu ya padamu, kuphunzitsa ana a mabwana mpaka imvi mbuu. Kalabu itatha panatsala boti limodzi lokha, ndipo palibe amene ankalilabadira kupatula iwo. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankatikweza ife ana a othyola tiyi, amene kale sitinkaloledwa ngakhale kuponda udzu wa pakalabupo.

Ine ankandiitana kuti akazanga, monga amachitira agogo ndi mdzukulu. "Akazanga, osayang'ana thanga, yang'anani madzi. Mphepo imayamba yalemba pamadzi isanakufikeni." Ndikakoka chingwe mwamantha ankaseka mpaka kutsokomola. Anandilonjeza kuti mwera ukayamba adzandisiya ndiwoloke damu ndekha, iwo ataima kumtunda. Lonjezo limenelo ndinkagona nalo, kudzuka nalo.

Mwera usanayambe kunabwera manejala watsopano, Mmalawi mnzathu, wa tayi ndi nsapato zosongoka. Anamva kuti kukubwera alendo ogula tiyi, ndiye anafuna paofesi pakongole. Agogo ali ku maliro ku Thekerani, analamula thirakitala likoke botilo pamiyala kuchoka kudamu mpaka pakhomo pa ofesi. Analiboola pansi kuti madzi azituluka, analithira manyowa a ng'ombe, nabzalamo maluwa. Tangoganizani, kuboola boti kuti madzi azituluka! Mpaka lero ndikamanena zimenezi mtima umandiwira.

Agogo atabwerako anavala jekete yawo ya kutchalitchi nandigwira dzanja, ulendo wa ku ofesi. Anagwada, nalowetsa chala m'bowo limodzi, kenako lina, kenako lina. Manejala anatuluka akumwetulira.

"Madala, mwaona mmene takongoletsera? Alendo ajambulitsa kale apa."

"Bwana, boti ili linali lamoyo. Ana amaphunzirirapo."

"Ndi katundu wa kampani ameneyu, madala. Komanso ana akamira, mlandu ndi wa ndani?"

"Pa zaka zonse zanga, anamirapo mwana wa ndani?" Agogo anaimirira. "Basi, ndipatseniko thanga lokha."

Thangalo tinakalipeza kunkhokwe, atafunditsa matumba a feteleza, litang'ambika pakati. Agogo sanalikhudze n'komwe. Pobwerera anadutsa njira ya m'minda ya tiyi, yozungulira, kuti asaone damu. Tili pafupi kufika kunyumba anati, "Akazanga, ndakunamizani." Ndinalira, osati chifukwa cha boti, koma chifukwa chakuti amene ankapepesa anali iwo.

Kudamu sanapitenso. Ankakhala pakhonde, nkhope kuloza kumene kukuchokera mphepo, zala zikugwedezeka ngati akukoka chingwe. Sanakhalitse.

Tsiku la maliro awo manejala sanabwere, anangotuma mesenjala ndi nkhata. Kumanda, oyendetsa mwambo ataitana zidzukulu, anandipatsa ine nkhata imeneyo kuti ndikaike pamtumbira. Ndinawazindikira maluwawo, ofiira ndi achikasu, omwe aja a pakhomo pa ofesi. Anawathyola m'boti la agogo. Ndinatembenuka, anthu onse akuona, n'kuiponya m'tchire. Nyimbo inaduka. Amayi ananditsina khutu mpaka kunyumba, akuti ndawachititsa manyazi pamaso pa kampani imene inkatidyetsa.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa nsalu ku Luchenza, ndipo damu lija sindinaliwolokepo. Zambiri zimene ndinachita ndili mwana ndimachita nazo manyazi, koma za nkhata ija ayi. Amayi anamwalira akudikira kuti ndipepese. Atandipatsanso lero nkhata imeneyo, ndikhoza kuiponya kutali kuposa pamene inagwera paja.