Wufa wa Yusufu wathamangitsa azakhali

Salaam aleikum nonse.

Mng'ono wanga Yusufu wakhala akudandaula kuti wailesi yobwera ndi galimoto yake imalira ngati udzudzu. Ndiye m'mawa waikitsa m'buti chisipika cha bezi, chija amati wufa. Masana tapita ku Chiponde kukaonetsa azakhali Abiti Mussa.

Tangofika pabwalo, iye osatsika n'komwe, wakweza voliyumu mpaka kumapeto. Du! Du! Du! Malata a nyumba kunjenjemera.

Paja azakhali anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambique. Taona atulukira khomo lakuseri, kamtolo pamutu, nkhuku m'khwapa, liwiro kulowera m'chimanga. Kamtoloko kakhala kali chimangire zaka zonsezi, m'kati muli mpaka khadi lolandirira ufa kukampu!

Amuna awo, Che Jafali, awasiya ali m'tulo pamkeka.

Titawabweza azakhaliwo, Che Jafali afunsa: "Abiti Mussa, zoona mwatenga nkhuku, ine n'kundisiya?"

Azakhali, akupumira m'mwamba: "Ulendo woyamba ndinatenga inu. Nkhuku bola imaikira."

Pano awiriwa sakulankhulana, ndipo Yusufu amuuza kuti galimotoyo isadzapondenso pakhomopo.

Abale, tandithandizani: apepese ndani, wa wufa kapena wa nkhuku?