Chaka Chimene Amayi Anakana Kusaina

Chitupa cha kuntchito cha amayi chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndi chingwe chake chabuluu chomwe chinali chitasuluka ndi thukuta. M'mawa uliwonse ankachikoleka m'khosi n'kupita kukakwera minibasi ya ku City Centre, kumene ankasunga mafayilo mu ofesi ina yoona za malo. Ine ndinali Sitandade 5, ndipo tinkakhala ku Area 47, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya amalume.

Mvula ya chaka chimenecho inalawirira. Lolemba lina, pochokera kusukulu, ndinapeza amayi pakhomo dzuwa lili pamutu, akuchapa zovala zomwe anali atachapa kale Loweruka. Chitupa chinali pa msomali.

Nkhani yake ndinaitolera pang'onopang'ono, ndikutsuka mbale pafupi ndi khonde la amalume. Abwana awo anawabweretsera pepala loti asaine, lonena kuti puloti ina inalibe mwini. Amayi ankadziwa kuti pamalopo pankakhala mayi wina wamasiye ndi ana ake, chifukwa fayilo yake ankaisunga ndi iwowo. Anabweza cholembera n'kunena kuti, "Bwana, dzanja ili dzulo linalandira mgonero. Silingalembe bodza lero." Sipanapite milungu iwiri, anawapezera chifukwa china n'kuwauza kuti akadikire kunyumba. Kalata yowaitananso sinabwere.

Amalume sanabise mkwiyo wawo. "Mlongo, Lilongwe si tchalitchi. Iwe wakana, mawa wina asaina. Ndiye wapulumutsa ndani?"

"Achimwene, ine ndikayankha za dzanja langa," amayi ankangotero.

Nthawi imeneyo amalume ndinkadana nawo. Lero, pamene inenso ndimakwera masitepe a ofesi m'tauni yomweyi, zimandiwawa kuvomereza kuti sananame. Wina anasainadi.

Tsiku lina amayi ananditenga kukaona malowo. Nyumba inali itagwetsedwa. Ndimakumbukira fungo la njerwa zonyowa, malata opindika, ndi mtengo wa mango utadulidwa zipatso zikadali zanthete. Mayi wamasiyeyo anali atakhala pa matiresi, atafunda pulasitiki yakuda, akupatula nyemba zomwe zinasakanikirana ndi mchenga. Amayi anagwada, anamupatsa moni, n'kuyamba kumuthandiza kupatula. Sanamuuze kuti iwo ndi ndani.

Kutchalitchi azimayi ankawagwira mkono n'kumati, "Mwatiimirira, mayi." Abusa analalikira kuti Akhristu ndife mchere wa dziko, ndipo anthu anavomera mokweza. Koma abwana aja analinso mkulu wa mpingo womwewo. Ankakhala benchi yakutsogolo, atavala suti yaimvi, ndipo ndi iwo ankawerenga zolengeza. Potuluka ankapatsa amayi moni ndi manja awiri, amayi n'kuwayankha mwaulemu. Ine ndinkayang'ana pansi.

Mvula itafika pachimake, amayi anayamba kugulitsa kaunjika ku msika wa Old Town. Loweruka ndinkapita nawo. Matope ankafika m'akakolo, ndipo mtambo ukada tinkalimbirana malo pansi pa khonde la sitolo ya amwenye, zovala zili pamutu. Anzawo a ku ofesi akadutsa, ena ankayang'ana foni, ena ankawoloka msewu. Amayi anaonda, koma nyimbo za kwaya ankaziimbabe chapansipansi akamapinda malaya.

Chakumapeto kwa nyengoyo, mtsikana wina wa ku ofesi kuja anaima pamulu wathu. Anagwiragwira siketi imodzi osaiyang'ana, kenaka anawerama n'kunong'ona.

"Amayi, pepala lina ngati lija labweranso. Nanenso ndakana. Ndinakumbukira inu."

Ndinkayembekeza kuti amayi akuwa aleluya msika wonse umve. Koma iwo anangomufunsa kuti, "Uli ndi ana angati?"

"Awiri. Wamng'onoyo akuyamwa."

Amayi anamugwira dzanja. Sanamuyamikire, sanamuletsenso. Mtsikanayo atapita, anakhala pa thumba la zovala n'kuphimba nkhope ndi chitenje, ogula akufunsa mitengo popanda wowayankha.

Ine ndinaima pambali pawo nditakwiya, ndikudabwa kuti munthu angalire bwanji tsiku limene wapeza womutsatira. Sindinkadziwa kuti m'maganizo mwawo amayi anali atamuona kale mtsikanayo atachotsedwa ntchito, atakhala m'matope momwemo, mwana ali kumsana.