Zilembo za pa foni ya achimwene

Linali Lachinayi la sabata yomaliza ya teremu yachitatu, nthawi ili teni koloko m'mawa, pamene ndinalowa m'kalasi ya Sitandade 1 ndili ndi khanda kumbuyo. Anandiitanitsa aphunzitsi a mwana wanga woyamba, wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ana ena anali atawatulutsa. Ndinagwada pafupi ndi chitseko, koma aphunzitsiwo, mayi wachikulire wovala magalasi, anati ndikhale pa benchi.

Anamupatsa mwana choko n'kumuuza kuti alembe chilembo cha a pa bolodi. Sanachedwe. Anakoka kamzere kopingasa, kena kotsika, n'kumaliza ndi kozungulira ngati nkhata. Atamuuza ka, analembanso china cha mtundu womwewo. Anatembenuka akumwetulira, kudikira kuti timuyamikire.

Aphunzitsi anati ana m'kalasimo ndi ambiri moti ena amakhala mpaka pakhomo, ndiye chaka chonse akaona zolemba zake ankangoti ndi za ku madrasa, zisintha zokha. Koma atawaonetsa amwalimu a ku madrasa, iwo anakana kuti Chiarabu sichilembedwa choncho.

"Mayi, kunyumbako amamuphunzitsa ndani?"

Ndinadziwa pomwepo.

Achimwene anga amakonza mawailesi a galimoto ku Balaka. Galimoto zambiri zimachokera ku Japan, ndipo wailesi zake zimalemba Chijapani chokhachokha. Kuti azidziwa podina, anaika gemu yophunzirira zilembozo pa foni yawo. Atagula ina, yakaleyo, yong'aluka galasi, anandipatsa ine kuti ndizimva za amuna anga, amene amakhalitsa ku nyanja ya Chiuta kopha nsomba. Gemu ija inatsalira momwemo, ndipo mwana anaipeza yekha. Chilembo chimatsika kuchokera pamwamba, mawu a mkazi amachitchula, iwe uchitsatire ndi chala chisanafike pansi. Ukakhoza, kamphaka kamavina.

Ine ndikamapeta mpunga ndinkamva foni ikuti a, i, u, e, o, ka, ki, ku. Ndi zomwe nanenso ndinkaimba ndisanalekeze Sitandade 3. Kuti zilembozo sizikufanana ndi zomwe ndinkakumbukira ndinaona ndithu, koma anthu ankanena kuti mabuku anasintha, ndipo ine ndinali ndani kuti nditsutse. Batire likatha ndinkathamanga ndekha kukatchajitsa kwa aneba a sola. Apongozi anga ndinawauza kuti mdzukulu wawo ali ndi mutu, amaphunzira osamutuma.

Zonsezi ndinazifotokoza pang'ono chabe, maso ali pansi. Aphunzitsi sanakalipe. Anapukuta magalasi nati mwanayo masamu wakhoza bwino, koma Chichewa ndi Chingelezi palibe chomwe akanachonga, ndipo momwe zinthu zilili abwereza kalasi. Mawa masana akhala pansi ndi ahedi kugamula za opita Sitandade 2. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

Ndinati, "Iyayi."

M'njira mwana ankandifunsa kuti amadamu sanawombe m'manja bwanji, pomwe kamphaka kamavina nthawi zonse akalemba choncho. Anzake awiri amene amapita nawo kusukulu anatidutsa akuimba nyimbo ya kutsekera. Ndinangomugwira dzanja.

Titafika ndinawaimbira achimwene. Poyamba anaseka mpaka kutsokomola, nati ndiwatumizire mwanayo ku galaja, poti iwo zilembozo zinawakanika ndipo amangodina mongoyerekeza. Atamva kuti sindikuseka anati ndifufute gemuyo. Anandilongosolera podina, koma mawu a pa foni anali a Chingelezi, ndipo ndinaopa kufufuta nambala ya amuna anga. Amuna angawo ndinawapeza movutikira, netiweki ikudukaduka. Anati kubwereza si imfa, iwonso anabwerezapo, n'kuyamba kudandaula kuti matemba sakuuma chifukwa cha chiperoni. Foni inaduka tisanamalize.

Dzuwa litapendeka ndinamukhazika mwana pabwalo, ndinatola kamtengo n'kulemba pansi a wanga wakale. Anatuluka wopendekeka. Ndinalembanso e ndi i. Pofika pa b ndi d ndinaima, chifukwa mimba zake zimandisokoneza kuyambira kalekale, iti imayang'ana kuti.

Mwana anayang'anitsitsa nati, "Amayi, ameneyo si a."

Ndinamuuza kuti ndi a wa kusukulu, wa kuno kwathu. Anafunsa kuti nanga wake uja ndi wa kuti. Ndinati ndi wa dziko lakutali kumene kumachokera galimoto. Anafunsanso ngati ana a kumeneko amabwereza akalemba choncho. Ndinamulozera a uja pansipo. Anayesa kutsatira wanga ndi chala, koma dzanja linkathawira komwe linazolowera, ndipo atalephera kangapo anayamba kulira mosatulutsa mawu. Khanda nalo linadzuka. Madzi munalibe m'nyumba. Ndinatenga foni ija n'kumupatsa, ndipo ndikunyamula ndowa ndinamva mkazi uja akuyambanso, sa, shi, su.

Ku mjigo ndinakonza mawu oti ndikanene. Ndinkafuna kuwauza aphunzitsi kuti mwana amene wagwira yekha zilembo zovuta chonchija angagwirenso zathuzi pa holide, amulole apite ndi anzake, akalephera adzamubweze. Ndinawabwereza mumtima popopa madzi, pobwerera, ndi potsuka mbale, mpaka anakhala bwino.

M'mawa mwake ndinamusambitsa mwana, ndinavala chitenje changa chatsopano, tinafika kusukulu belu lisanalire. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi. Aphunzitsi anabwera akukankha njinga, ali ndi aphunzitsi ena awiri aamuna, akucheza. Atandiona anaima nandipatsa moni. Ndinagwada n'kuyankha kuti tadzuka bwino, kaya iwo. Anadikira pang'ono. Aamuna aja nawonso ankandiyang'ana. Ndinati ndangomuperekeza mwana.

Anagwedeza mutu n'kulowa mu ofesi. Ndinakonza khanda kumbuyo n'kubwerera kunyumba.