Mandazi a NyaMhango

Mphekesera inafika ku Hewe panjinga, monga zimafikira zonse. Akuti msonkho watsopano wa pa katundu ndi wa eni masitolo akuluakulu a ku Mzuzu okha, ife osauka sutikhudza. Mwina n'zoona, nanga boma silingatikumbukire tsiku limodzi?

Tryness NyaMhango, amene wakhala akukazinga mandazi pamsika kuyambira chaka cha referendamu, anaomba m'manja n'kunena kuti yewo chomene. Koma Loweruka atapita kugolosale ya Hezron, anapeza mafuta ophikira akwera.

"Adada, si paja amati msonkhowu ndi wa mabwana?"

"Bwana wa ku Mzuzu wandisenzetsa ine, amama. Ine ndikutula pa inu. Nanunso pezani wanu."

NyaMhango anayesa kupeza wake. Anakweza mtengo, anthu osankha fodya n'kumangodutsa akutafuna chinangwa. Anachepetsa mandaziwo, iwo n'kumamufunsa ngati tsopano wayamba kugulitsa mazira a njiwa. Anabwezera zonse mwakale.

Chinatsala choti achotse chinali chimodzi basi, kabaza amene ankamunyamula popita kumsika. Masiku ano amayenda wapansi, beseni pamutu, mawondo akulira ngati chitseko cha tchalitchi chakale, ndipo pobwerera ndi momwemonso. Akakhala pamkeka, kuti adzuke mpaka atchule kaye dzina la Mulungu.

Mabwana a ku Mzuzu ali phee, sanaonde ngakhale pang'ono. Mphekesera ija inali yabodza. Msonkhowo akulipira ndi NyaMhango.